Tipangireni galimoto yofika nayo ku Kachulu

Dzinja lapitali ndinanyamuka pa doko la Kachulu nkhuku zitangotsika, pa kagalimoto ka mipando 7 kamene tsiku limenelo kananyamula anthu 11, madengu a matemba ouma, matumba awiri a mpunga ndi ndowa ya makumba aawisi. Tisanapite patali tinangomva phuu! Tayala lakumbuyo laphulika. Tonse tinatsika, katundu yense pansi, kuti adalaivala atulutse sipeya. Sipeyayo inali kanthu kowonda ngati tayala la njinga yamoto, kolembedwa kuti kasapitirire liwiro la makilomita 80 pa ola. Atamanga tinayenda pang'ono, kenaka kagalimoto kanakhala pamimba m'matope a makande, matayala akungozungulira osagwira kanthu. Tinakankha mpaka dzuwa linafika paliwombo. Mayi mwini makumba anakhala pambali pa msewu atagwira tsaya, akuyang'ana ntchentche zikuunjikana pa ndowa yawo. Msika wa ku Zomba unali utawadutsa, ndipo mpamba wawo unathera pomwepo.

Ndinawafunsa adalaivala aja kuti, "Achimwene, bwanji osagula galimoto yoyenera msewu uno?" Anandiyang'ana, manja ali matope okhaokha, n'kuyankha kuti, "Bambo, yoyenerayo ili kuti? Ndisonyezeni amene amaipanga pa mtengo woti munthu ngati ine n'kuukwanitsa, mawa lomwe ndikagulitsa iyi." Ndipo anayamba kundiwerengera pa zala zimene akanakonda zitakhala pa galimoto yawo, kuyambira ku matayala mpaka ku thanki, ngati munthu amene anazilota usiku wambiri.

Tikamva za okonda magalimoto, maganizo amathamangira kwa anyamata a ku Blantyre ndi ku Lilongwe amene amatumizirana zithunzi pa Facebook, kulakalaka malimu onyezimira, matayala opyapyala ndi injini yobangula. Sindikuwanyoza, ndi chimwemwe chawo. Koma wokonda galimoto weniweni ndinamuona ku Kachulu. Ndi munthu amene amamva phokoso laling'ono kunsi n'kudziwa chimene chamasuka, amene amagona pansi pa galimoto yake kawiri pa sabata, amene ana ake amadya pokhapokha galimotoyo yapita ku Zomba ndi kubwerako. Iyeyo ndiye akudziwa galimoto imene dziko lino likusowa. Makampani opanga magalimoto sanamufunsepo, boma lathu silinamufunsepo, ndipo ine ndikuti kusamufunsako kukutidyera chuma ndi miyoyo.

Kachulu si kumathero a dziko. Ndi makilomita pafupifupi 30 okha kuchokera mumzinda wa Zomba, ndipo ndi khomo lalikulu la nyanja ya Chilwa kumbali ya kuzambwe. Wopita ku chilumba cha Chisi amakwerera bwato pamenepo. Matemba, makumba ndi milamba imene asodzi amaigwira atagona masabata pa zimbowera zawo imatsikira pamenepo isanakafike m'misika ya Zomba, Limbe ndi kwina. M'zaka zabwino nyanja imeneyi inkapereka pafupifupi gawo limodzi mwa magawo anayi a nsomba zonse zogwidwa m'Malawi. Onjezanipo mpunga wa m'madambo a Likangala. Onjezanipo mayi wodwala amene wachoka ku Chisi pa bwato usiku, ndipo ayenera kukafika ku chipatala chachikulu cha Zomba kusanache. Zonsezi zimadalira matayala anayi, kapena awiri a kabaza, pa msewu umene gawo lake lalikulu ndi fumbi m'chilimwe ndi matope m'dzinja.

Nanga magalimoto amene akugwira ntchito yonseyi anachokera kuti? Ambiri ndi akaunjika a ku Japan: Sienta, Probox, Freed, Vanette, Bongo, Hiace. Ku Japan galimoto yatsopano ya banja imapimidwa ndi boma ikakwana zaka 3, kenaka pa zaka ziwiri zilizonse, ndipo kupimako n'kodula, choncho eni ake ambiri amangoigulitsa. Imakwera sitima ya pamadzi, imatsikira ku Dar es Salaam kapena ku Durban, n'kulowa kwathu kudzera pa Songwe, Mwanza kapena Dedza. Magalimoto amenewa ndi abwino, ndipo atithandiza kwambiri. Popanda iwo anthu akanakhala akuyendabe pamwamba pa malole. Koma ambiri anapangidwira mayi wa ku Osaka wotenga ana awiri kusukulu pa tala wosalala ngati tebulo. Kuchokera pansi kufika pamimba pake ndi masentimita pafupifupi 15 okha. Masipuling'i ake anayesedwera banja limodzi ndi zikwama zogulira zinthu. Giya yake yodzisintha yokha imatentha ikamakoka katundu m'matope. Kunsi kwake kuli nthambo ndi timakina tamagetsi tosafuna madzi. Tikaitenga galimoto yotere n'kuisenzetsa anthu 11 ndi matumba a mpunga, kulakwa si kwa amene anaipanga. Tavala nsapato imene inasokedwera phazi la wina, ndipo matuza ndi athu.

Zimene adalaivala aja anandiwerengera si zamatsenga ayi. Akufuna galimoto yokwera m'mwamba, masentimita osachepera 22 kuchokera pansi, yokhala ndi chitsulo chotchinga kunsi kwa injini ndi thanki kuti mwala usaboole. Akufuna giya yosintha ndi dzanja, yokhala ndi nambala wani yamphamvu yokwawira m'matope. Akufuna masipuling'i achitsulo osanjikiza kumbuyo, aja oti likathyoka limodzi wowotcherera wa pamsika akhoza kukonza tsiku lomwelo. Akufuna injini yoti makaniko wa pansi pa mtengo wa mango aimvetse popanda kuitanitsa kompyuta ku Blantyre, yokokera mpweya pamwamba kuti isamwe madzi powoloka pamene mlatho wakokoloka. Mawindo akhale opukusa ndi dzanja. Magalasi akhale athyathyathya oti n'kudulidwa konkuno.

Ndipo ananenanso chinthu chimene katswiri wa ku Nagoya sangachiganize, chifukwa sanakhalepo pambali pa ndowa ya nsomba. Madzi a Chilwa ndi amchere, poti nyanjayi ilibe mtsinje wotulukamo. Madzi otsika m'nsomba zaziwisi amalowa pansi pa mipando, n'kudya chitsulo mpaka kubowoka. Akufuna malo a katundu olekana ndi pokhala anthu, otsukika ndi ndowa ya madzi, okhala ndi bowo lotulukira madziwo, ndiponso bokosi losunga kuzizira kuti makumba afike ku Limbe akadali makumba. Ndani anganene kuti zimenezi n'zapamwamba?

Ine ndinawonjezerapo changa chimodzi: injini yomwa ethanol. Dziko lino lakhala likusakaniza ethanol ndi petulo kuyambira mu 1982, pamene fakitale ya Ethco inatsegulidwa ku Dwangwa, ndipo PressCane ya ku Chikwawa inayamba mu 2004. Ku Brazil magalimoto omwa petulo kapena ethanol, chilichonse chimene chapezeka, anayamba kugulitsidwa mu 2003, ndipo lero ndiwo ochuluka kumeneko. Ife nzimbe tili nazo, koma mafuta akasowa dalaivala wa ku Kachulu amagona pa mzere ku Zomba masiku awiri, nsomba zikudikira pa doko.

Koma nkhani imene imandiwawa kwambiri ndi ya matayala, chifukwa pamenepo ndi pamene pali imfa. Galimoto yonse, ndi anthu onse ali m'katimo, imakhudza nthaka pa malo anayi okha, aliwonse kukula ngati chikhatho cha munthu wamkulu. Tiyeni tiwerenge zolembedwa pambali pa tayala, pakuti ambiri timagula osawerenga. Likalembedwa 185/60R15, nambala 60 ikutanthauza kuti khoma la m'mbali ndi magawo 60 pa 100 a kutambalala kwa tayalalo, ndiye kuti masentimita 11. Ndi khoma lalifupi limenelo limene liyenera kumeza dzenje lililonse la msewu wa Kachulu. Likalephera, limu imaluma mphira, chotupa chimatuluka m'mbali, ndipo tsiku lina chotupacho chimaphulika. Tayala la minibasi lolembedwa 195R14C khoma lake limayandikira masentimita 16, ndipo chilembo C chikusonyeza kuti linapangidwira katundu. Kusiyana kwa masentimita asanu kumeneko ndi kusiyana kwa kufika ndi kugona panjira. Koma tayala lotere sililowa pa timagalimoto tating'ono timene tadzaza m'misewu yathu ya kumidzi.

Tsono poti latsopano n'lodula, makamaka kwacha itagwetsedwa ndi 25 peresenti mu May 2022 ndi 44 peresenti mu November 2023, dalaivala amathamangira la kaunjika. Pakati pa matayala akaunjika pali ambiri a nyengo ya chisanu, aja olembedwa kuti studless kapena okhala ndi kachizindikiro ka phiri. Mizere yake imaoneka yakuya, ndipo wogula amaona ngati wapata. Koma mphira wake ndi wofewa, anaupangira msewu wozizira woundana. Pa kutentha kwa October m'chigwa cha Chilwa umatha msanga, ndipo sugwira bwino mabuleki. Palinso zaka. Tayala lililonse lili ndi manambala anayi osonyeza sabata ndi chaka chimene linapangidwa: 2316 ndiye kuti sabata ya 23 ya chaka cha 2016. Opanga matayala eni ake amalangiza kuti lokwana zaka 10 lichotsedwe ngakhale likuoneka bwino, chifukwa mphira umauma n'kuyamba ming'alu. Ndi angati mwa ife amene anauzidwapo zimenezi pogula? Ndipo ndinaonapo ndi maso anga munthu akusema mizere yatsopano ndi mpeni wotentha pa tayala lotheratu, kuti lioneke lamoyo. Tayala limenelo linakamangidwa pa galimoto yonyamula ana a anthu.

Tayala limene dalaivala wa ku Kachulu akulifuna ndi la saizi ya timagalimoto timeneti, la limu ya mainchesi 14 kapena 15, koma lokhala ndi khoma lalitali ndi lokhuthala, mphira wopirira kutentha, mano otalikirana otaya makande m'malo mowasunga, ndi thupi lolimba loti mizere ikatha likhoza kuvekedwanso mphira watsopano ku fakitale. Akufunanso sipeya yofanana ndi anzake, iwiri ngati n'kotheka. Lero magalimoto ena akubwera opanda sipeya n'komwe, angoikamo kabotolo ka zomatira ndi kapampu. Kabotolo kameneko kangachite chiyani pa tayala long'ambika m'mbali pakati pa dambo? Kampani ya Michelin inaonetsa mu 2019 tayala losafuna mpweya lotchedwa Uptis. Ngati pali malo pa dziko lapansi pamene tayala losaphwa lingayesedwe moona, ndi pa msewu ngati uwu. Abwere nalo, adzalipeza yankho m'dzinja limodzi.

Chopweteka china n'chakuti mphira timalima. Ku Vizara, m'boma la Nkhata Bay, mitengo ya mphira ikukhetsa utomoni tsiku ndi tsiku, ndipo wambiri umapita kunja. Ife n'kumagula matayala otha kwa anthu amene alibe ngakhale mtengo umodzi wa mphira.

Ndikudziwa zimene ena ayankhe. Adzati Malawi ndi msika waung'ono, anthu ake ndi osauka, palibe kampani ingataye ndalama kupangira galimoto asodzi ndi ogulitsa matemba. Mbiri ikutsutsa zimenezi. Galimoto ya Citroën 2CV, imene inatuluka mu 1948, inapangidwira mlimi wosauka wa ku France, ndipo akatswiri anauzidwa kuti iyenera kudutsa m'munda wolimidwa itanyamula dengu la mazira popanda kuswa. Inagulitsidwa kwa zaka zoposa 40. Ku Indonesia boma linafuna galimoto yotchipa ya ntchito, ndipo mu 1977 Toyota inatulutsa Kijang, bokosi lachitsulo lopanda zokongoletsa limene linadzakhala galimoto ya fuko lonse. Akuluakulu akukumbukira Peugeot 404 ndi 504, zimene zinkadutsa misewu yoipa kuposa ya lero. Ya 504 inapitiriza kulumikizidwa ku Kenya ndi ku Nigeria mpaka m'zaka za m'ma 2000, itasiyidwa kalekale ku Ulaya. Kapikapu ka Nissan 1400 kanapangidwa ku South Africa mpaka mu 2008, ndipo abale athu ogwira ntchito ku Johannesburg akukadziwa bwino. Ku Durban, Toyota imalumikiza minibasi ya Ses'fikile chifukwa eni mataxi a kumeneko ndi ogwirizana ndipo amagula zatsopano mochuluka. Mu November 2023, kampani yomweyo inatulutsa Hilux Champ ku Thailand, pikapu yosavuta imene mwini wake amamangapo bodi yogwirizana ndi ntchito yake, pa mtengo woyambira pafupifupi madola 13,000. Nzeru zake zilipo. Chimene kulibe ndi wogula wolankhula mokweza kuchokera kuno.

Ngakhale pa njinga yakapalasa taona umboni. Bungwe la World Bicycle Relief linafunsa anthu a kumidzi ya mu Africa chimene chimathyoka pa njinga zawo, n'kupanga njinga ya Buffalo, imene kaliyala yake imanyamula makilogalamu 100. Ikugulitsidwa m'Malawi muno, ndipo aliyense wonyamula matumba akudziwa kusiyana kwake. Anayamba ndi kufunsa.

Sindikubisa kuti ena anayesa n'kugwa. Kampani ya Mobius ya ku Kenya inapanga galimoto ya misewu ya mu Africa, koma mu August 2024 inalengeza kuti ikutseka chifukwa cha ngongole ndi nkhani za msonkho. Chimene tikuphunzirapo n'chakuti kampani yaing'ono payokha singapikisane ndi chigumula cha magalimoto akaunjika, ngati maboma sakuikapo dzanja. Ndipo apa ndi pamene mlandu ukuchoka ku Japan n'kubwera kwathu. Wopanga galimoto amamvera munthu amene amagula yatsopano. Wogula yakaunjika alibe mawu, chifukwa ndalama yake sifika ku fakitale. Malinga ngati dziko lonse likhala logula zotsala, palibe amene adzatifunse chimene tikufuna.

Ena adzati ndikulondola njira yolakwika: konzani msewu, nkhani ya galimoto itha yokha. Msewu wa Kachulu uyenera kuikidwa tala, ndipo zimenezo ndikuzinena mosazengereza. Pa lita iliyonse ya mafuta imene dalaivala uja amagula pali ndalama ya misewu, choncho sakupempha chaulere. Koma tinaona kuti msewu wa Zomba-Jali-Phalombe-Chitakale unatenga zaka zoposa 10 kuti utheke. Kodi makumba adikire zaka zingati? Komanso tala akafika pa Kachulu, sadzafika pa doko lililonse la Chilwa, kapena m'munda uliwonse wa mpunga. Nyanja imeneyi siikhala malo amodzi. Inaphwa mu 1968, inaphwanso mu 1995, ndipo mu 2018 mabwato anatsala ali gone pa dothi long'aluka pa Kachulu, madzi atathawira kutali. Madzi akathawa, gombe limasamuka, ndipo wonyamula nsomba amalitsata pamene palibe msewu. Akabwerera mwamphamvu, monga zinachitikira ndi namondwe Freddy mu March 2023, amamiza njira ndi kukokolola milatho. Walira mvula walira matope: anthu a ku Chilwa amapempherera nyanja yodzaza, ndipo nyanja yodzaza imabwera ndi msewu woipa. Galimoto yolimba idzafunikabe ngakhale tala atabwera mawa.

Tichite chiyani tsono? Poyamba, Unduna wa Zachuma ndi bungwe la MRA aunikenso msonkho. Lero msonkho wa galimoto umayang'ana kwambiri zaka zake ndi kukula kwa injini. Uyang'anenso ntchito yake. Pikapu kapena minibasi yatsopano yosavuta, yokwera m'mwamba, yopita kukagwira ntchito kumudzi, ipepukidwe msonkho kwambiri, ndipo chimodzimodzi matayala atsopano onyamula katundu. Ndalama imene boma lingataye pamenepo ndi yochepa poyerekeza ndi ndalama zakunja zimene zikupita chaka ndi chaka pogula zipangizo ndi matayala osakhalitsa. Bungwe loona za miyezo la MBS liike malire a zaka za tayala lololedwa kulowa m'dziko, ndipo matayala a chisanu aletsedwe pa chipata pomwe. Kulanga dalaivala pa msewu chifukwa cha tayala limene linadutsa pa chipata cha boma poyera ndi kugwira wofooka n'kusiya gwero la vuto.

Ndipo mutu umodzi susenza denga. Msewu wa Kachulu ndi womwewo wa ku Lundazi ndi ku Chadiza, ndi womwewo wa ku Angónia ndi ku Mecanhelas, tsidya lina la nyanja yomweyi. Malawi, Zambia ndi Mozambique atakhala pansi n'kulemba pepala limodzi lofotokoza galimoto ndi tayala limene akufuna, n'kulonjeza kuti maambulansi, magalimoto a alangizi a zaulimi ndi a apolisi akumidzi adzagulidwa a mtundu umenewo, opanga a ku Japan, India ndi China angabwere akuthamanga. Bodi yake imangidwe konkuno. Tili ndi akatswiri ku MUBAS ndi ku MUST, tili ndi achinyamata ophunzira ntchito zamanja pa Nasawa Technical College m'boma lomweli la Zomba. Apite ku Kachulu ndi tepi yoyezera ndi kope, akakhale sabata ndi madalaivala, amakaniko ndi amayi ogulitsa nsomba, alembe chimene chimathyoka, liti ndiponso chifukwa chiyani. Kafukufuku ameneyo ndi wotchipa kuposa msonkhano umodzi wa kunyanja ku Mangochi.

Madalaivala nawo asakhale chete. Mabungwe awo amadziwa kukumana mtengo wa mafuta ukakwera. Akumanenso pa nkhani iyi, asonkhe ndalama, aziitanitsa matayala atsopano pamodzi, ndipo akane kugula tayala asanawerenge manambala anayi aja. Ife okwera tisamangoyang'ana ngati mpando ulipo. Tiziyang'ananso pansi.

Kwa aphungu a Nyumba ya Malamulo ochokera m'madera ozungulira nyanja ya Chilwa, pempho langa ndi ili: bajeti ikubwerayi isadutse musanafunse za msonkho wa matayala ndi magalimoto a ntchito zakumudzi. Ndipo musanapite ku Lilongwe, siyani galimoto yanu yaikulu ku Zomba tsiku limodzi la mvula, mukwere ya matola pa Kachulu pamodzi ndi amayi a makumba, mukaone nokha nthawi imene mudzafike.